Mukasemphana ndi kontalakita wa nyumba yanu: njira ya arbitration ndi malire a apilo

Anthu ambiri posayina mgwirizano womangitsa nyumba amayang'ana mtengo ndi tsiku lomaliza ntchito, masamba otsalawo n'kungowadutsa. M'masamba amenewo ndi mmene mumakhala kandime konena kuti mkangano uliwonse udzapita ku arbitration, ndipo chigamulo chake chidzakhala chomaliza. Tanthauzo lake ndi lakuti mwavomera kuti mlandu wanu usadzamvedwe ndi jaji, koma ndi munthu amene inu ndi kontalakita mudzasankhe ndi kumulipira. Munthuyo pa Chingerezi amamutchula arbitrator, ine pano ndizimutchula wogamula. Akadzagamula, mawu aja timakonda akuti "ndikachita apilo" adzakhala ndi mphamvu yochepa zedi.

Ndikulembera amene akumangitsa nyumba kuno ku Malawi, ndi abale amene ali ku Johannesburg kapena ku Leeds omwe amatumiza ndalama mwezi ndi mwezi n'kumaona nyumba yawo pa zithunzi zokha.

Gawo 1: Tulutsani mgwirizano, muwerenge kandime ka mikangano

Lamulo loyendetsa nkhanizi ndi Arbitration Act ya 1967, yomwe m'mabuku a malamulo a dziko lino ili pa chaputala 6:03. Lamuloli limazindikira mgwirizano wa arbitration ngati uli wolembedwa. Ngati munangogwirizana pakamwa ndi mmisiri muli chilili pa puloti, palibe angakukokereni ku arbitration. Njira yanu ndi khoti, pokhapokha nonse awiri mutalemba tsopano kuti mwasankha wogamula. Musade nkhawa kuti mgwirizano wapakamwa ndi wopanda ntchito. Umagwira ntchito ndithu, vuto lake ndi umboni basi.

Ngati kandime kalipo, kawerengeni muli ndi cholembera m'manja. Kodi kakunena kuti muyambe mwakambirana kaye, kapena mupite kaye kwa mkhalapakati? Kodi kakupereka masiku angati oti mudandaule? Ndani adzasankhe wogamula mukalephera kugwirizana? Mlandu udzamvedwera kuti? Masiku olembedwa mmenemo ndi enieni, ndipo kuwaphonya kumapatsa mnzanuyo podzitetezera.

Ngati simunasayine, muli ndi mwayi waukulu, chifukwa nkhani ya apilo imatheka kuikonza panthawi imeneyi. Lamulo limati chigamulo cha wogamula ndi chomaliza pokhapokha mgwirizano utanena zosiyana. Choncho mungathe kulemba kuti wosakhutira adzakhala ndi ufulu wopititsa nkhani kwa wogamula wachiwiri, kapena kwa anthu atatu, m'masiku amene mwagwirizana. Dziwani kuti onsewo ndi olipidwa. Maganizo anga ndi akuti pa nyumba wamba ya zipinda zitatu, arbitration ya anthu atatu ndi yowononga ndalama. Jaji simumulipira, koma wogamula mumamulipira pa ola kapena pa tsiku, kuphatikizapo chipinda chokumaniranamo. Wogamula mmodzi, wa malipiro odziwikiratu, ndi wokwanira.

Mulembenso zinthu zimene zimayambitsa mikangano yambiri. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mitengo ya simenti, malata ndi zitsulo inakwera nyumba zambiri zili pa linta. Mgwirizano unene ndani adzasenza kukwera kotere. Unenenso kuti pa malipiro aliwonse muzisungako pang'ono, kawirikawiri 5 kapena 10 peresenti, ndalama imene amaitcha retention, mpaka itatha nthawi imene kontalakita amapatsidwa yokonza zolakwika nyumba ikamalizidwa. Nthawi imeneyo yesetsani kuti ikhale ndi dzinja lathunthu mkati mwake, pakuti denga lodontha silidziwika mu August. Funsaninso kalata yosonyeza kuti kontalakita analembetsa. Lamulo la 1996 lomwe linakhazikitsa National Construction Industry Council linabweretsa kaundula wa makontalakita, ndipo wolembetsa amakhala ndi dzina loti aliteteze.

Gawo 2: Sungani umboni nyumba isanakhudzidwe ndi wina

Apa ndi pamene milandu yambiri imaonongekera. Munthu akakwiya amaitana bilida wina mawa lake, kugwetsa khoma lopindika, kupaka pulasitala pa ming'alu, kenako n'kumafuna chipukutamisozi. Wogamula akafika apeza khoma losalala. Adziwa bwanji kuti linali lopindika?

Jambulani chilichonse, patali ndi pafupi, mutaika tepi yoyezera pa mng'alu kuti kukula kwake kuoneke. Sonkhanitsani malisiti a zipangizo, mapepala a ku banki, ndi mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba osonyeza tsiku ndi ndalama. Zokambirana za pa WhatsApp zitulutseni zonse muzisunge pena, osati zithunzi za mizere iwiri yokukomerani. Pulani imene khonsolo inavomereza ikhale pafupi, chifukwa ndiyo muyeso wa zimene zimayenera kumangidwa.

Kenako itanani katswiri wosakhudzidwa ndi nkhaniyo. Ngati vuto ndi maziko, ring beam kapena silabu, pakufunika injiniya. Ngati mkangano ndi wa ndalama, kuti mwalipira zambiri kuposa ntchito imene yachitika, pakufunika quantity surveyor ayeze ntchito yonse n'kuiwerengera mtengo. Lipoti likhale lolembedwa, losayinidwa, lokhala ndi tsiku. Muuzeni kontalakita tsiku loyendera nyumba kuti abwere ngati akufuna. Akapanda kubwera, kalata yomuitanayo idzakuyankhulirani.

Inu amene muli kunja, onani dzina limene lili pa mgwirizano. Ngati anasayina ndi achimwene kapena alamu m'dzina lawo, mwini mlandu ndi iwo, osati inu, ngakhale ndalama zonse zinachokera kwa inu. Ngati dzina ndi lanu, lembani chikalata chopereka mphamvu kwa wokuimirirani, chija maloya amati power of attorney, chonena momveka kuti angathe kuyambitsa mlandu kapena kuvomera mgwirizano wothetsa nkhani.

Gawo 3: Lembani kalata, musathamangitse munthu pa saiti

Kalata inene zinthu zitatu: cholakwika n'chiyani, mukufuna chikonzedwe motani, ndipo pofika tsiku liti. Masiku atengeni mu mgwirizano. Ngati mulibe, perekani nthawi yoti munthu wanzeru angaone kuti ndi yokwanira pa ntchitoyo. Kalatayo asayinire kuti walandira, kapena iperekedwe pamaso pa mboni.

Chenjezo langa lalikulu lili apa. Kutseka geti, kulanda wilibala ndi mafosholo, kapena kumuuza pa foni kuti asadzapondenso pamalopo musanatsate njira yothetsera mgwirizano, kungasandutse inu wolakwa. Kontalakita amene anachedwetsa ntchito miyezi 4 angathe kutembenuka n'kukusumirani phindu limene akanapeza akanamaliza. Chimodzimodzinso kusiya kulipira gawo limene lamalizidwa bwino chifukwa chokwiyira gawo lina.

Za kupolisi: ntchito yosalongosoka si mlandu wa kupolisi. Pitaniko pokhapokha pali kuba zipangizo kapena kutenga ndalama mwachinyengo, ndipo ngakhale apo, apolisi sadzakuwerengerani mtengo wokonzera denga.

Akuluakulu amati mlandu suola, koma kukhoti umaola. Limitation Act imapereka zaka 6 zoti musumire munthu wophwanya mgwirizano, ndipo malire omwewo amakhudzanso arbitration. Zakazo zimayamba pamene mgwirizano unaphwanyidwa, osati tsiku limene mwatopa ndi malonjezo.

Gawo 4: Yesani mkhalapakati

Mkhalapakati sagamula, amangothandiza awiri kumvana. Angakhale katswiri wa zomangamanga amene nonse mumamukhulupirira, kapena loya. Musaone ngati kutaya nthawi, pakuti ngakhale ku Khoti Lalikulu malamulo a 2017 oyendetsera milandu amatumiza milandu yambiri kwa jaji wokhala pakati isanayambe kumvedwa. Mukagwirizana, lembani zonse: ndalama, masiku, ntchito yotsala, ndi chimene chidzachitike wina akalephera. Nonse musayine tsiku lomwelo.

Gawo 5: Yambitsani arbitration ndi kusankha wogamula

Mumayamba ndi kalata yodziwitsa mnzanuyo kuti mkangano wabuka, mukuupititsa ku arbitration motsata kandime kakuti, ndipo mukupereka mayina awiri kapena atatu oti asankhepo. Ngati mgwirizano sunanene chiwerengero, lamulo limatenga kuti wogamula ndi mmodzi. Mukalephera kugwirizana, pitani ku bungwe limene mgwirizano unatchula kuti lidzasankha. Ngati sunatchule, Khoti Lalikulu lili ndi mphamvu yosankha.

Pa sitepe imeneyi khalanipo nthawi, chifukwa munthu ameneyu mukangomuika simungamuchotse mwa kufuna kwanu. Pamafunika chilolezo cha khoti. Ganizirani mtundu wa mkangano. Ngati ndi wa kuyeza ndi kuwerengera, quantity surveyor wodziwa za arbitration amaona msanga pamene pali bodza. Ngati ndi wa tanthauzo la mawu a mgwirizano, loya kapena jaji wopuma ndiye woyenera.

Akatswiri a zomangamanga m'dziko muno ndi ochepa ndipo amadziwana. Mufunseni molemba ngati anagwirapo ntchito ndi kontalakitayo, ngati pali chibale, kapena ngati pali ntchito ina imene akuyembekezera kwa iye. Mukadziwa za ubale wotere n'kukhala chete, kudzadandaula mutaluza kumakhala kovuta, chifukwa khoti lidzafunsa chimene munakhalira chete.

Musanayambe, gwirizanani molemba za malipiro ake, masiku operekera zikalata, ulendo wokaona nyumba, ndi chinthu chimodzi chimene ambiri amaiwala: kuti chigamulo chidzakhale ndi zifukwa zolembedwa. Chigamulo cha mizere itatu chongoti uyu alipire zakuti sichisiya poti khoti lingagwire ngati pali cholakwika.

Gawo 6: Mnzanu akathamangira kukhoti

Zimachitika kuti wina amanyalanyaza kandime kaja n'kukasuma. Ngati inu mukufuna arbitration, pemphani khoti liimitse mlanduwo. Pempholo liyenera kuperekedwa musanayankhe mfundo za mlandu kapena kuchita china chosonyeza kuti mwavomera kuti umvedwe kukhoti. Mukangopereka chikalata chodziteteza, mwayiwo wapita. Choncho mukalandira masamani, kandime ka arbitration kasonyezeni kwa loya tsiku loyamba. Ngati nonse mwakonda khoti, palibe cholakwika, mlandu upitirira kumeneko.

Gawo 7: Tsiku lomva mlandu, tengani zonse

Popeza apilo ndi yopapatiza, mlanduwu muutenge ngati mwayi umodzi wokha. Konzani tebulo la zodandaula, chilichonse pa mzere wake: denga likudontha m'zipinda ziwiri, umboni ndi zithunzi izi ndi tsamba lakuti la lipoti, mtengo wokonzera ndi wakuti. Wogamula amagwira ntchito ndi manambala. Mawu akuti "anandizunza kwambiri" ndi oona, koma sawerengeka.

Yembekezerani kuti kontalakita adzabwera ndi zake. Kawirikawiri amati munachedwa kulipira, munasintha pulani pakati pa ntchito, kapena zipangizo zosalimba munagula ndinu. Ngati munauzadi amisiri kuti awonjezere khonde kapena asunthe khomo, vomerani, mukangane za mtengo wake. Wogamula akakugwirani bodza pa kanthu kakang'ono, adzakayika ndi zazikulu zomwe.

Musamuimbire wogamula panokha, musamutumizire uthenga umene mnzanu sanauone, ndipo musapite naye ku saiti muli awiri. Mukaona mnzanuyo akuchita zimenezi, dandaulani molemba tsiku lomwelo. Chilichonse chimene mukuona kuti sichikuyenda mwachilungamo, kaya mwakanizidwa kufunsa mboni mafunso, kaya mwapatsidwa chikalata chatsopano m'mawa wa mlandu, nenani pomwepo ndipo zilembedwe. Zimenezi ndi zimene khoti lidzayang'ane pambuyo pake.

Pali khomo lina limene limatseguka mlandu uli mkati. Pakabuka funso lenileni la malamulo, mwachitsanzo ngati mgwirizano unathetsedwa movomerezeka, mungapemphe wogamula alitumize ku Khoti Lalikulu kuti liyankhe. Maloya amati special case. Akakana, khoti lingathe kumulamula. Pempho limeneli lichitike chigamulo chisanatuluke, ndipo ndi la mafunso a malamulo okha, osati funso loti matumba a simenti analowa angati.

Gawo 8: Chigamulo chatuluka ndipo simunakhutire

Nthawi zambiri wogamula satulutsa chigamulo asanalipidwe, choncho konzekeranitu ndalama. Chikafika, lembani tsiku limene mwachilandira, ndipo sabata lomwelo mukhale mutaonana ndi loya. Nthawi yokadandaula kukhoti ndi yaifupi, ndipo wochedwa amayamba ndi kupempha chifundo asanafike pa nkhani yake. Musalandire ndalama kapena kuchita china chotsata chigamulocho musanamve uphungu, chifukwa zingaoneke ngati mwachivomera.

Njira zilipo, koma iliyonse ili ndi malire ake.

Ngati cholakwika ndi cha kalembedwe kapena kuphatikiza manambala, wogamula yemweyo ali ndi mphamvu yokonza. Mulembereni msanga, mnzanu alandireko kope.

Ngati mgwirizano wanu unalemba za apilo kwa wogamula wachiwiri, tsatani masiku ake ndendende. Iyi yokha ndiyo apilo yofanana ndi imene anthu amaiganizira, yoti nkhani iunikidwenso.

Ngati wogamula anasiya mfundo ina osaigamula, kapena chigamulo sichikumveka moti sichingatsatidwe, Khoti Lalikulu lingathe kumubwezera nkhaniyo kuti aionenso. Dziwani kuti imabwerera kwa munthu yemwe uja.

Njira yaikulu ndi kupempha khoti lifafanize chigamulo chonse. Lamulo limalola izi ngati wogamula sanayendetse bwino khalidwe lake kapena mlandu, kapena ngati chigamulo chinapezedwa mwa njira zosayenera. Mawu akuti misconduct amene ali m'lamulomo samangotanthauza ziphuphu. Amakhudzanso kumva mbali imodzi inzake palibe, kulandira umboni mobisa, kukana kumva mboni yofunika popanda chifukwa, kugamula nkhani imene sanapatsidwe, kapena kubisa ubale ndi mbali imodzi. Koma samakhudza kuti wogamula anakhulupirira injiniya wa kontalakita m'malo mwa wanu, kapena anakupatsani theka la ndalama imene munkafuna. Jaji sadzapita kukayezanso khoma. Funso lake lidzakhala lakuti kodi mlandu unayenda mwachilungamo, osati kuti kodi iye akanagamula chimodzimodzi.

Izi zimapweteka, makamaka munthu ataika ndalama za penshoni kapena za zaka zambiri za ganyu ya kunja m'nyumba imene ikung'aluka. Koma ndi bwino kuzidziwa musanalipire loya wina. Mufunseni funso limodzi: cholakwika chenicheni cha kayendetsedwe ka mlandu n'chiti, ndipo chinalembedwa pati? Ngati yankho lake likungobwereza kuti chigamulo n'chosakomera, ndalama zanu zisungeni mukonzere nyumba. Ndipo ngakhale mutapambana, kufafaniza chigamulo sikukupatsani ndalama. Kumangokubwezani poyambira, mlandu n'kumvedwanso. Chigamulo cha Khoti Lalikulu pa pempho lotere chingathe kupita ku Supreme Court of Appeal, koma funso limakhala lomwe lija lopapatiza.

Kwa amene mulibe kandime ka arbitration

Njira yanu ndi khoti, ndipo kumeneko apilo ndi yotakata. Mlandu wa ndalama zochepa umayambira kwa majisitireti, apilo yake n'kupita ku Khoti Lalikulu. Wa ndalama zambiri umayambira ku Khoti Lalikulu, lomwe lili ndi nthambi ya milandu ya zamalonda ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo apilo yake imapita ku Supreme Court of Appeal. Vuto la njira ya khoti ndi nthawi imene imatenga, komanso kuti nkhani yanu imamvedwa poyera. Ngati mulibe ndalama ya loya, kafunseni ku Legal Aid Bureau. Ngati munanamizidwa pa ntchito kapena zipangizo, mungakasiyenso dandaulo ku Competition and Fair Trading Commission, koma musaleke kuwerenga masiku a mlandu wanu podikira yankho lawo.

Gawo 9: Mwapambana, tsopano ndalama

Wogamula alibe asherifu. Ngati woluza sakulipira, pitani ku Khoti Lalikulu mukapemphe chilolezo choti chigamulocho chigwire ntchito ngati chigamulo cha khoti. Mutenge mgwirizano wokhala ndi kandime kaja, kalata yosankha wogamula, ndi chigamulo chosayinidwa. Chilolezo chikaperekedwa, sherifu angathe kulanda katundu n'kugulitsa, kapena khoti lingalamule banki ipereke ndalama za mu akaunti ya wangongoleyo.

Onetsetsani kuti dzina la pa chigamulo ndi lomwe lili pa katundu. Ngati munapangana ndi kampani, galimoto yolembedwa m'dzina la mwini wake payekha siingalandidwe pa ngongole ya kampaniyo. Ngati munapangana ndi munthu wongogwiritsa ntchito dzina la bizinesi, wangongole ndi munthuyo. Retention imene ili m'manja mwanu pemphani wogamula, mlandu usanathe, aichotseretu pa ndalama zonse m'chigamulo chake, kuti yotsala yokha ndiyo mukalondole. Sherifu amafuna kuuzidwa kumene katundu ali, choncho lembani nambala ya lole, malo amene makina osakanizira konkireti akugwira ntchito panopa, ndi banki imene munkatumizako malipiro, zomwe zili kale pa mapepala aja munasunga pa gawo lachiwiri.